Njovu ya a Lau

Nkhaniyi mwana wanga sakuidziwa, ndipo musamuuze.

Ine ndine munthu wa bawo. Kwathu ku Dedza ondigonjetsa anali ochepa. Kuno kunja, ku Scarborough, bawo kulibe, ndiye masana ndimakakhala kumsika wam'nyumba komwe madoda a ku China amasewera tchesi yakwawo. Masewero aulemu. Pakati pa bolodi pali mtsinje. Njovu siwoloka, imalonda pakhomo. Msilikali akawoloka sabwerera. Amene anaganiza zimenezi ankaidziwa nkhondo.

Anandiphunzitsa ndi a Lau, mkulu woonda, wosalankhulalankhula. Chingerezi chathu n'chofanana, chodukaduka. Vuto linali limodzi: tizidutswa tonse n'tozungulira ngati zitsekerero za mabotolo, ndipo zolembedwa pamwamba sindinkazidziwa. Hatchi ndi njovu kwa ine zinali mapasa. (Kufunsa kawiri sindikonda.)

Tsiku lina a Lau anapita kuchimbudzi. Ndinatulutsa cholembera chakuda, ndinatembenuza kachidutswa kamodzi n'kulemba kunsi kwake: NJOVU.

Mkulu wina woonerera anagwira mutu.

"Mukutani? Zimenezo n'za a Lau, anasema ndi bambo awo! Anawoloka nazo nyanja!"

Ndinathamangira sanitaiza wa pakhomo, ndinathira, n'kupukuta ndi chala. Inki inafalikira. Ndinathiranso. Inazungulira mpaka pamwamba. Ndinapukuta mwamphamvu, ndipo utoto wofiira wa chilembo chija unasamukira pachala changa.

A Lau anabwera. Ndinaimirira n'kuvula chipewa (sindivulira aliyense). Ndinadziwa kuti patebulo pamenepa ndathapo.

Anakayang'ana kachidutswako nthawi yaitali.

"Munalemba chiyani?"

"Njovu."

"Njo-vu," anatero pang'onopang'ono. "Mawa mubwere. Musambe m'manja."

Mawa lake ndinabwera. Anatulutsa kaburashi ndi utoto. Dzanja la munthu wokalamba kundiposa, koma osanjenjemera ngakhale pang'ono. Chilembo chinabwerera ngati sichinachokepo. Ine ndaona amisiri, koma uyu ndi wina.

Kenako anandikankhira kope ndi pensulo.

"Bambo anga anandilembetsa chilembo chilichonse ka makumi asanu ndisanakhudze zidutswazi. Yambani."

"Ine ndili ndi zidzukulu, a Lau."

"Inenso. Yambani."

Ndinalemba pamaso pa anthu, lilime lili kunja ngati mwana wa Sitandade 1. Zilembo zinayi a Lau anandibwezera kuti miyendo ya njovu yapindika.

Patebulo ndidakalipo. Njovu ndimaidziwa tsopano ngakhale ili patali. Hatchi sindinaidziwebe, ndipo sindifunsa. Ndaona mtengo wake wa chilembo chimodzi.