Gelesomu ndi muvi wotsika

Mwambi wa muvi uja unayamba motere, ana inu. Akulu ena adzakuuzani kuti ndi nkhani ya alenje. Bodza! Muviwo unali wa pakompyuta, ndipo mwini wake anali Gelesomu Kamtedza.

Gelesomu ankatayipira anthu makalata m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo. Ankakhala yekhayekha. M'mawa amapatsa moni kompyuta, masana n'kudya chimanga chootcha akuyang'ana khoma. Anthu amabwera, kutenga mapepala awo, n'kupita. Wofunsa kuti wadzuka bwanji panalibe. Anatayipa makalata achikondi a tauni yonse, koma palibe ngakhale imodzi imene inali yopita kwa iye.

Ndiye Mulungu si Gelesomu. Felesiya, mayi wosoka zovala, anamulola! Ankhoswe anakumana, zonse zinalongosoka, kunatsala kulengeza kutchalitchi.

Loweruka kunabwera a Lipenga, mlembi wa mpingo, ndi mayina a maanja asanu ndi awiri oti alengezedwe mawa lake. Gelesomu anakonza tebulo la mabokosi, amuna kumanzere, akazi kumanja. Dzina lake analiika pansi penipeni, ati ulemu.

"Khalani apa, bambo mlembi, muone zodabwitsa," anatero. "Ine sinditayipanso ngati anzanga a kumsika aja. Ndili ndi makiro."

"Makiro ndiye ndani?"

"Ndi wantchito wanga wosadya. Umaonetsa kompyuta kamodzi kokha, iyo n'kujambula mapazi ako onse. Kenako ukadina batani, imabwereza yokha."

Anajambuladi. Anatenga dzina la mkwatibwi woyamba pamndandanda wa akazi, kuliika pafupi ndi la mwamuna wake, kubwerera kumanzere, n'kudina batani la muvi wotsika kamodzi. Basi. Kenako anapinda manja, kutukumula chifuwa ngati finye, n'kumadina ndi chala chimodzi.

Banja loyamba latha kale. Kwa! Lachiwiri.

Koma pamzere wachitatu panali mwamuna wa dzina lotalika ngati msewu wa ku Mchinji: Batolomeyo Zakaliya Mwakhwawa Chimtengo. Dzinalo linakana kukwana m'bokosi, linapindika n'kugona mizere iwiri. Muvi uja unauzidwa kuti utsike kamodzi, unatsikadi kamodzi, kuchoka pa Batolomeyo kufika pa Chimtengo. Bokosi lomwelo, munthu yemweyo!

"Aphiri," anatero a Lipenga, pakuti Gelesomu anali wa kwa Phiri, "kanthu kakuphethira pakompyutapo kachita ngati kapunthwa."

Gelesomu anakaona ndithu. Koma munthu amene wakhala zaka khumi popanda womusirira, lero wapeza womuonerera, angaimitse gule pakati?

"Sikupunthwa kumeneko, n'kuvina. Inu ingoyang'anani."

Kwa! Kwa! Kwa! Anayang'ana muviwo ukutsika, osawerenga dzina ngakhale limodzi. Anasindikiza, kupinda pepala, kuliika mu envulopu. A Lipenga magalasi anali atawaiwala kunyumba, anangolandira.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Gelesomu anavala jekete yobwereka, manja ake akuthera m'zigongono. Wolengeza anali mkulu wina wachilendo, wowerenga chimene chalembedwa basi.

Maanja awiri oyamba anadutsa bwino, nthungululu zili lililili. Kenako mkuluyo anatsokomola.

"Batolomeyo Zakaliya Mwakhwawa Chimtengo akwatira Edina... ndi Velonika."

"Mitala m'tchalitchi?" anakuwa mayi wina kumbuyo. Batolomeyo anayang'ana kudenga ngati waitanidwa.

Kuyambira pamenepo mwamuna aliyense analandira mkazi wa mnzake wapansi pake pamndandandawo. Mphunzitsi anapatsidwa wa mmisiri, mmisiri wa wogulitsa nyama. Ndipo wogulitsa nyamayo, Dikisoni wamimba uja, anamva kuti akwatira Felesiya. Chitsirucho chinamwetulira mpaka mano a kumapeto!

"Gelesomu Kamtedza akwatira..." Mkulu uja anatembenuza pepala, kuyang'ana kuseri, kuligwedeza ngati mwina mkazi agwamo. "Apa palibe munthu. Bokosi lili mbee."

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Ngakhale belu linaseka, ine ndikukuuzani.

Panja, Felesiya sanakweze mawu.

"Anatayipa ndani pepala lija?"

"Ndi makiro, Felesiya. Kunali dzina lalitali..."

"Ine ndafunsa kuti ndani. Langa lili ndi zilembo zingati kuti mulephere kuliwerenga? Munandipereka kwa wanyama pamaso pa mayi anga, inu mukuonerera?"

"Ndikonza lero lomwe."

"Konzani. Mukwatire makinawo."

Anapita osacheuka. A Lipenga anakonza za maanja enawo ndi pakamwa, koma za Gelesomu panalibe chokonza.

Masana omwewo Gelesomu anabwerera kukachipinda kuja, chigayo chili zii. Anatsegula malangizo a makiro, n'kupeza mawu akuti tsika mzere umodzi. Anawafufuta, n'kulemba kuti pita kubokosi la munthu wotsatira, dzina litalike bwanji. Ntchito ya mphindi ziwiri zokha! Anadina. Kwa! Kwa! Aliyense anabwerera kwa wake, ndipo pansi penipeni panaoneka Gelesomu ndi Felesiya, moyandikana bwinobwino.

Anacheuka kuti aonetse munthu. Munalibe munthu. Anakhala akuyang'ana mayina awiriwo mpaka zilembo zinayamba kusambira m'maso mwake.

Wachigayo anasuzumira pazenera. "Achimwene, mukulira?"

"Ayi. Kanthu kandilowa m'maso."

N'chifukwa chake, ana inu, mukaona chinthu chikukhota musamapinde manja. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.