Ndinapita ndi amalume kukachita “reminisce”

Pali mawu ena a Chingerezi amene ndikawamva, mpaka lero ndimachita manyazi. Ndikuuzani, bola musakandifunse dzina ku esiteti.

Ndine kapitawo wa othyola tiyi, ndipo kuntchito amandiona ngati katswiri wa Chingerezi (ndimayankha mabwana osachita chibwibwi, basi). Mkazi wanga tinasiyana kalekale. Ndiye Lachiwiri lina ndili m'munda, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa Esinati, chibwenzi changa cha ku sekondale, amene anapita ku Joni zaka zambiri zapitazo: “Ndabwera, ndili kwa amayi ku Thuchila. Loweruka masana mubwere tidzapange reminisce.”

Mawu omalizawo sindinawadziwe. Munthu wanzeru akanafunsa kalaliki wa ku ofesi, koma kapitawo wathunthu afunse kalaliki? Ndinakhala pamthunzi n'kuyamba kuwasenda ndekha ngati nzimbe. “Re” ndi kubwereza, zimenezo ndinkazidziwa bwino (Fomu 2 ndinairipita). Kunatsala “minisi”. Ndinatchula katatu, kachinayi zinamveka ngati “misisi”. Nkhani inathera pomwepo: mayiyu akufuna kukhalanso misisi, mkazi wapabanja, ndipo wasankha ine.

Ndinayankha kuti, “Ndavomera ndi mtima wonse.” Iye anatumiza kachithunzi ka chala chachikulu.

Zinthu zotere munthu sapita yekha, choncho ndinakatenga amalume ku Limbuli.

“Mphwanga, mwamvana bwinobwino ndi mkaziyo?” anandifunsa.

“Amalume, za Chingerezi mundisiyire ine.”

Loweruka amalume anavala jekete yawo ya kutchalitchi, tambala m'khwapa. Ine ndinanyamula chitenje chimene ndinagula ku Muloza. Mu minibasi ndinali nditasankha kale nyimbo yolowera pa ukwati.

Titafika tinapeza anthu asanu ndi mmodzi amene tinaphunzira nawo limodzi, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, akupatsirana zithunzi zakale. Ndinaganiza kuti ndi mboni. Chapambali bambo wina wamapewa aakulu ankawotcha nyama; ameneyo ndinati ndi mlongo wake.

Amalume sanataye nthawi. Anapereka moni kwa amayi a Esinati, anaika tambala pansi, n'kukonza kukhosi.

“Mayi, ife tabwera kudzafunsira mbeta pakhomo pano.”

Zithunzi zinaima m'manja. Bambo wa nyama uja anatembenuka, foloko ili m'mwamba.

“Mbeta yake iti, madala?”

“Esinati.”

“Ameneyo ndi mkazi wanga. Tili ndi ana atatu.”

Pomwepo tambala analira (sindinamukhululukire mpaka lero).

Esinati anandiyang'ana, kenako anayang'ana chitenje, n'kugwira pakamwa. “Inu, reminisce ndi kukumbutsana zakale. Anthu kukhala pansi n'kumati, ukukumbuka tsiku lija tinathawa kalasi kukasamba kumtsinje? Basi. Nanga inu munamva chiyani?”

Apa ndikanangopepesa. Koma ndinaseka mokweza n'kunena kuti, “Ine ndikudziwa, amalume ndi amene sanandimvetse.”

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako, pang'onopang'ono, anafotokozera gulu lonse za “re” ndi “misisi”, monga momwe ndinawaphunzitsira. Mnzathu wina anatsamwa ndi nyama. Mwamuna wa Esinati anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo atapuma anandigwira chanza. “Achimwene, khalani tidye. Munthu woona bwino ngati inu sangabwerere ndi njala.”

Tambala anaphedwa. Chitenje chinapita kwa amayi a Esinati, amene anati n'chokongola. Masana onse anzanga anakumbutsana zakale, ine ndikukukuta mwendo wa tambala wathu yemwe.

Madzulo tinakwera minibasi yobwerera. Potsika pa Limbuli amalume anangoti, “Ukadzapezanso wina, umuuze akulembere m'Chilomwe.”

Ndinavomera ndi ulemu. Sindinawauze kuti Chilomwe changa n'choperewera kuposa Chingerezi.