Mwana wa Ng'ombe Wakula, Bwana, Titsegulireni Mayina

Kalabu ya Tipatsane,
Mikolongwe, Chiradzulu.

Kwa Bwana Mkulu wa kampani ya Chitsekerero,

Wolemekezeka,

Ndagwada, ine mlembi wosaphunzira wa alimi a ng'ombe zamkaka, kuthokoza chifukwa cha kalata yanu yotitcha akuba. Chiyambire sitinalandirepo kalata yokongola chotero. Taipachika m'ofesi.

Tikuvomera, tinalakwa. Kuno lamulo ndi limodzi: ukalandira ng'ombe, mwana wake woyamba umapatsira mnzako amene ali pamzere. Ndiye mutatipatsa pulogalamu yanu ya pakompyuta yosungira mzerewo, ife mbuli tinayesa nayonso ndi yopatsirana. Itatikhalira bwino chaka chathunthu, tinaikopera anzathu a kalabu ya kutsidya, mpaka amayi anaimba nyimbo. Ife timati kupatsa n'kuika. Sitinadziwe kuti kwanu kupatsa ndi mlandu.

Zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, mwatseka pulogalamuyo muli ku tauni komweko, osaponda ndowe ngakhale pang'ono. Luso lotere kuno timangolimva kwa asing'anga.

Chachiwiri, mwatsekera momwemo mayina a mabanja makumi anayi amene ndinalemba ndekha ndi chala chimodzi. Kope lakale la mayinawo linadyedwa ndi chiswe, poti akatswiri anu anatiuza kuti mapepala ndi achikale. Tsopano mayina athu asungika bwino zedi, moti ngakhale eni akefe sitingawaone.

Chachitatu, mwatichotsera kusungulumwa. Mwana wa ng'ombe ya mnzathu wa m'kalabu, a Justice, wasiya kuyamwa, ndipo Loweruka ayenera kupita kwa mwini wake watsopano. Mayi Albertina, amene adikira zaka zinayi ndipo khola anamanga kale, akulumbira kuti ndi iwo. Bambo Benedicto nawonso akulumbira, ndipo chingwe agula kale. Anthu awiriwa amaimba kwaya imodzi, koma pano ngakhale moni sapatsana. Kunena zoona zikundiwawa, chifukwa mmodzi wa iwo akunena zoona ndipo ine ndaiwala kuti ndani.

Sabata yatha kunabwera a Elsie, a bungwe lina lolimbikitsa mapulogalamu aufulu. Anatiikira ina yomwe akuti tikhoza kuikopera aliyense, kuisintha, ngakhale kuiphunzitsa Chinyanja. Ndinawafunsa katatu ngati apolisi sabwera. Anangoseka. Koma mayina athu analephera kuwatulutsa, akuti munawamanga mfundo yomwe imamasulidwa ndi inu nokha. Pamenepo ndinakunyadirani, bwana.

Pempho langa ndi laling'ono. Pulogalamu yanu tengani, ng'ombe yosaloledwa kubereka kuno sitiisunga. Mungotibwezera mayina athu lisanafike Loweruka. Ngati layisensi yanu siilola, palibe kanthu. Kwerani minibasi ku Limbe, mudzaime nokha pakati pa mayi Albertina ndi bambo Benedicto, muwafotokozere bwinobwino kuti mzerewo ndi katundu wa kampani. Mpando tikusungirani pafupi ndi khola.

Mudzavale nsapato zothamangira.

Ine kapolo wanu wakuba,
Silvesta Namakhwa,
Mlembi.