Ndowa Ziwiri m'Bafa la Pamwamba

Lolemba

Lachisanu tikulandira makiyi! Nyumba yatsopano kuseri kwa Easterhouse, yoti palibe munthu anayetsemulamo. Tsalani bwino masitepe a ku Dennistoun, maondo anga mwawadya mokwanira.

Dongosolo:
— Lachitatu: Moira akayendera nyumba. Ndi mayi amene ndamulemba kuti andiimire kwa kampani yomanga. Ntchito yake ndi kufufuza zolakwika n'kukangana nawo m'malo mwanga, poti ine munthu akangondimwetulira ndimavomera zilizonse.
— Lachinayi: kampani itionetsa nyumba.
— Lachisanu: loya, makiyi.
— Loweruka: kusamuka. Landilodi akufuna fulati yake Lamulungu.

Koma pakamwa pangapa! Ndatchula Moira tikudya. Adadi aika supuni pansi. "Ine ndili moyo, iwe n'kulemba ganyu munthu wachilendo kuti akuimire? Nyumba ya ku Chilomoni anayang'anira ndani?"

Chimwalirireni Amayi, Adadi amangokhala pawindo kuonerera mabasi. Ndinawaitanitsa kuno kutsidya la nyanja kuti asakhale okha kumudzi, koma akukhala okha ine ndikuona. Lero alankhula mawu ambiri kuposa mwezi wathunthu. Ndikanakana bwanji? Ndawauza kuti woyang'anira wamkulu ndi iwo, Moira ndi wowathandiza. Mulungu andikhululukire, Moira sakudziwa kuti watsitsidwa udindo.

Lachiwiri

Ndikudzuka, Adadi asita kale malaya. Tayi, jekete la ku tchalitchi. Akwera sitima okha mpaka ku Easterhouse, munthu amene amakana ngakhale kukagula buledi pakona!

Pageti awabweza, alibe chipewa cholimba. Aima kunja kwa mpanda tsiku lonse, mvula ikuwaza, kuonerera nyumba za mzere wina zimene zikumangidwa.

Lipoti la madzulo:
— Thumba la simenti sanalione ngakhale limodzi. "Ndiye kuti aba kale."
— Makoma akubwera pa lole, a matabwa, okhomakhoma. "Nabanda, wagula khola la nkhunda."
— Njerwa akungokutira kunja ngati chitenje.
— Koma anyamatawo ndi aulemu, anawapatsa tiyi.

Ndikufotokoza kuti kuno amamanga choncho, nyumba imafunda. "Chiswe nacho chimakonda pofunda." Kuno kulibe chiswe, Adadi! "Sichinamve chabe."

Adya mpaka kuonjezera. Masiku onsewa mbale imabwerera theka.

Lachitatu

Ine ndili ku ntchito, awiriwo ali ku nyumba. Moira wawabwereka chipewa, ndiye alowa. Iye pamene wapeza cholakwika amamatapo katepi kabuluu kuti omanga akonze. Wawapatsako Adadi mpukutu umodzi. Mayi wachifundo, koma sakuwadziwa.

Zimene wamata Moira: chitseko chosatseka bwino, windo lokandika, soketi yopendama.

Zimene amata Adadi:
— khoma lililonse, chifukwa likulira ngati ng'oma ukaligogoda
— kapinga wa panja ("angoyala ngati kapeti, alibe mizu")
— khitchini yonse, poti ili chipinda chimodzi ndi balaza. "Alendo aziona mphika ukuwira?"

Kapitawo wa pamalopo wandiimbira. Akuti Adadi ndi munthu wabwino kwambiri, koma tepi ina yafika pa nyumba ya eni ake yoyandikana nafe.

Uthenga wa Moira: "Abambo ako ndawakonda. Koma mawa uwagwire dzanja."

Lachinayi

Sindinawagwire dzanja.

Kapitawo akundionetsa mabatani a makina otenthetsa nyumba, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndikumva. Adadi palibe. Kenako pa kauntala ya m'khitchini: tho. Tho. Tho. Kuyang'ana kumwamba, siling'i yachita thukuta, madzi akutsika pa babu.

Ndathamangira pamwamba. Adadi ali m'bafa, nsapato aziika pambali bwinobwino, buluku apinda mpaka m'maondo, m'manja ndowa ya openta. Yachiwiri! Akuyesa bafa mmene timayesera kwathu: umakhuthula madzi pansi kuti uone ngati akuthamangira ku kabowo kapena akudikha pakona. Nkhope ikuwala. "Ndawagwira! Kabowo aiwala, madzi akusowa kopita!"

Kopita akupeza, Adadi. Ali m'khitchini.

Kuno bafa silikhala ndi kabowo pansi, ndipo kunsi kwake ndi matabwa okhaokha. Sindinawauzepo. Ndani angaganize zouza munthu wamkulu kuti musathire madzi m'nyumba?

Kapitawo wafiira mpaka makutu. Mawu amene watulutsa sindilemba, ndine wa kwaya.

Lachisanu

Makiyi kulibe. Siling'i aigwetse, mawaya aume, apakenso penti. Mwina masabata atatu.

Loya pafoni: "Pepani, mwati ndowa zingati?"

Kampani ikuti tilipire zonse ife. Ine ndatsala pang'ono kuvomera ndi kuthokoza komwe. Moira wandiletsa, wapita yekha. Akuti wawafunsa kuti ndani amasiya mlendo yekha pamwamba, madzi otsegula, ndowa zawo zili mbwee. Mawu ake ndi ofewa, koma akaluma sasiya. Mapeto ake tigawana pakati. Mayi ameneyu sindinamulembe pachabe.

Landilodi wakana kutionjezera masiku, ena akulowa Lolemba.

Adadi abwerera pawindo. Malaya osasita. Mbale yabwerera yonse, ndipo izi zikundiwawa kuposa siling'i.

Loweruka

Katundu wapita kosungitsa. Ife kwa a Gondwe, banja la ku tchalitchi, ku Springburn. Adadi pa bedi la mwana wawo wa ku yunivesite, ine pa sofa.

Nkhani yafika kale pa gulu la amayi la pafoni. Wina akupempha kuti ndimubwereke Adadi akayese bafa la landilodi wake. Ndaseka, kenako ndadzida.

Mmawa, tikulongedza, Adadi akukulunga makapu a Amayi m'manyuzipepala, limodzilimodzi. Osandiyang'ana: "Ku Chilomoni anathira madzi ndi amako. Mmisiri anachita kuphwasula kawiri. Ndimati ndikuchitire zimene akanakuchitira."

Kenako: "Undigulire tikiti, mwanawe. Kuno ndasanduka katundu."

Ndalowa m'bafa, ndatsegula mpope kuti asamve, ndalira mpaka mphuno kutsekeka.

Lamulungu

Khosi lauma ndi sofa. Makiyi ndilibe. Nsapato za ku tchalitchi zili m'katoni ina kosungitsa katundu, ndapita ndi zothamangira. Chabwino.

Ndamuimbira Moira pa Sabata pomwe. Ndafunsa ngati pokonza siling'ipo pangafunike woyang'anira. Waseka nthawi yaitali. M'kati ayi, kampani yanenetsa. Koma akuti kunja kwa mpanda ndi msewu wa aliyense, ndipo ukaima pamenepo windo la khitchini limaoneka lonse.

Ndawauza Adadi kuti Moira sangakwanitse yekha, akufuna munthu woona ngati omanga akuumitsadi siling'i asanapake penti. Bodza, koma la theka. Amaliza kaye tiyi wawo. Kenako: "Ndinaona kale kuti mtsikana uja ntchito yamukulira."

Za tikiti sanatchulenso.

Malamulo amene tagwirizana:
— osalowa pageti
— osagwira ndowa ya munthu aliyense
— tepi mpukutu umodzi pa sabata (apa takangana, iwo amati iwiri)

Nyumba ichedwe, ilibe miyendo, ndikaipeza. Masabata atatu pa sofa ndipirira. Panopa ndikuwamva m'khitchini, akufunsa Mayi Gondwe kumene amasunga simbi.