Kodi tuloti ndinatengera ndani?

Lolemba
Zofunika kudziwa ndisanachite china chilichonse:
1. Ine ndi mng'ono wanga Limbani tabwera pa ndege imodzi kuchokera ku ukwati wa achemwali ku Canada. Nanga bwanji iye akugona usiku ngati munthu, ine maso gwa, masana n'kumasinza?
2. Kodi akumwa china chake mobisa?
Sabata ino akukhala kwathu kuno ku Balaka, ndiye ndasecha chikwama chake. Masokosi ndi mswachi basi.

Lachiwiri
Ndasinza pamsonkhano ku Boma, chonsecho wolemba zokambirana ndine. Mnzanga wa kuchipatala akuti thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo kuzolowera msanga nthawi ya dziko lina ena amatengera kwa makolo. "N'zakumtundu zimenezo," akutero uku akuseka. Ine sindikuseka. Ine ndi Limbani mtundu wathu si umodzi kodi?

Lachitatu
Ndikumuyang'anitsitsa pomwa tiyi. Makutu: a malemu bambo. Mpata wa mano: bambo. Kasekedwe: bambo enieni. Ine pagalasi: mphuno ya amayi, zotsalazo mwini wake sindikumudziwa.
"Achimwene, ndalakwanji kuti muzindiyang'ana chonchi?"
Ndikupitiriza kumuyang'ana makutu.

Lachinayi
Mkazi wanga akuti vuto ndi khofi amene ndikumwa madzulo poganizira nkhaniyi. Akufuniranji kuti ndisiye kuganiza? Akudziwapo kanthu ameneyu.

Lachisanu
Ndaimbira amalume. Funso ndalikonza mochenjera: malemu bambo akayenda ulendo wautali, ankagona bwanji?
"Iwe, bambo ako kutali kumene anafika ndi ku Nayuchi, panjinga."
Umboni palibe. Koma ayankha mofulumira kwambiri.

Loweruka
Mnzanga uja tsopano akuti abale a bere limodzi amatha kusiyana, komanso zaka zimachititsa. Lachiwiri sananene zimenezi. Wakumana ndi Limbani?

Lamulungu
Ku Ngokwe, kwa amayi. Njira yonse ndikuloweza kafunsidwe kaulemu. Andiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. "Kwagwanji, bambo, kubwera osaimba n'komwe?" Ndikuti ndiyambe kaye ndi za ulendo.
Ndadzidzimuka dzuwa litapendeka, atandifunditsa chitenje, minibasi ikuliza hutala kumsewu. Amayi akuuza aneba kuti kunja kwandiphunzitsa mowa. Za bambo anga enieni sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa. Mlandu wa mowa ndi wopepukirapo.
Ndalembera achemwali: mutangofika ku Canada, munkagona ngati Limbani kapena ngati ine? Chonde yankhani msanga. Musadikire kuti kuno kuche, ndili maso.