Botolo la Pawindo la Alamu Anga

Nkhani iyi ndikanakonda ikanafera mumtima mwanga, koma amayi a mumphakati mwathu kutchalitchi anaifalitsa kale mpaka ku Kabwazi, ndiye bola muimve kwa mwiniwake. Iwo amawonjezera zawo. Ine ndinena zimene zinachitikadi, ngakhale kuti nazonso sizindikomera.

Ndimakhala pamalo a amayi anga, kunsi kwa nkhalango ya Chongoni. Achimwene anga anakwatira a Nachisale, mwana wa aphunzitsi, n'kubwera nawo chitengwa, ndipo nyumba yawo inayang'anana ndi yanga. Ine ndi alamu angawo tinabereka mwezi umodzi, ine Tadala, iwo Pemphero. Koma patatha miyezi itatu, mlendo sakanakhulupirira kuti tinatuluka m'chikuta nthawi imodzi. Alamu anali osalala ngati phwetekere wa m'dimba lothirira, masaya odzaza, akuyenda akuseka. Ine milomo inang'ambika ndi chisanu cha mu Juni, khungu linatuwa ngati ndagona paphulusa, ndipo ndikakwera kachitunda kochokera kumjigo ndinkaona nyenyezi dzuwa lili pamutu.

Lamulungu lina tikuchokera ku Misa, alamu ali patsogolo pathu, amuna anga anati, "Koma alamu anuwa akusalala bwanji. Ngati sanaberekepo."

Anangonena zomwezo basi, n'kuyamba kukamba za feteleza. Ine mawu amenewo ndinawasenza mpaka kunyumba. Ndinadya nawo, ndinachapa nawo matewera, ndinapita nawo kudimba. (Abambo inu, mukaona chosalala panjira, muziyamikira mumtima.) Amayi anga nawonso anathirira ndemanga tikusenda mbatatesi: "Ana a anthu ophunzira amadziwa kudzisamala." Sanandiyang'ane, koma panalibenso wina pamenepo.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kwa alamu kukabwereka sefa. Pawindo panali botolo loyera, la chithunzi cha malalanje ndi mzimayi akumwetulira. Ndikuona, alamu analitsekula, kutapa kapilitsi kamodzi, kumeza ndi madzi, n'kulibwezera pawindo ngati si kanthu. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, Chingerezi cha pabotolopo chinandilaka, koma mawu oti vitamini ndinawazindikira chifukwa timawamva kusikelo. Mumtima ndinati, chinsinsi chija ndi ichi.

Ndikanangofunsa. Koma ine ndi munthu woti mu minibasi ndimapitirira siteji yanga chifukwa choopa kuuza kondakitala kuti aime. Komanso kufunsa kukanakhala kuvomereza kuti andiposa. Ndinatenga sefa yanga n'kutuluka.

Apa ndiulule chinthu china. Kusikelo ankatipatsa timapilitsi tofiira towonjezera magazi, m'kapepala ka pulasitiki, kuyambira tili oyembekezera mpaka titabereka. Ine ndinamwa masiku awiri okha, tinandichititsa nseru, ndiye mwezi uliwonse ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kukatsomeka kapepalako kudenga pamwamba pa mphasa yathu. Ndinkati zaulere, zopatsa aliyense, sizingasalalitse munthu. Za m'botolo ndiye zenizeni.

Ndinali ndi nkhuku zinayi zoikira, ndi kadimba ka mpiru ndi bonongwe. Ndinayamba kusunga mazira onse, kuthyola masamba onse, n'kumakagulitsa pamsewu ku Chimbiya. Pakhomo ndiwo zinachepa. Amuna anga ndinkawaikira tochepa tomwe tatsala, ine n'kumati ndadyera kukhitchini.

"Kodi nkhuku zija zasiya kuikira?" anafunsa tsiku lina.

"Chisanu," ndinatero. Anagwedeza mutu, n'kuzimvera chisoni nkhukuzo.

Patapita masabata atatu ndinaima kutsogolo kwa bambo wina wogulitsa mankhwala pa Chimbiya, amene amayala katundu wake pathumba, mabotolo uku, mankhwala a makoswe uku, mabatire pakati. Ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima.

"Mayi, mukufuna a chiyani? A mano, a msana, kapena a m'banja?"

"Mavitamini," ndinanong'ona. "A botolo la malalanje."

A malalanje analibe. Anandionetsa botolo lina, la chithunzi cha dzuwa, mapilitsi ake akuluakulu ngati nyemba za kholophethe. "Awa amaposa a malalanje. Amamwa ndi akazi a mabwana ku Lilongwe. Limodzi patsiku, sabata imodzi amuna anu adzakufunsani dzina."

Ndinagula. Kunyumba ndinalibisa kudenga komwe kuja, pamodzi ndi timapepala ta kusikelo. Kenako ndinakhala pansi n'kuganiza: alamu anayamba kalekale, ine ndachedwa. Wobzala mochedwa amawonjezera feteleza. Ndiye ndinkamwa atatu, m'mawa, masana ndi madzulo. (Nzeru zimenezi ndinaziona ngati zakuya kwambiri, mpaka ndinadandaula kuti ndinasiya sukulu.)

M'mawa uliwonse ndinkadziyang'ana pakagalasi. Masaya anali omwe aja. Chimene chinasintha chinali kwina. Pepani owerenga, nkhaniyi singayende popanda kutchula: mkodzo wanga unasanduka wachikasu chowala, ngati jekete ya apolisi a pamsewu. M'mimba namonso munkapota. Tsiku loyamba ndinati ndi maso anga. Tsiku lachitatu mantha anandigwira, poganiza kuti zimenezi zikulowanso mu mkaka wa Tadala. Ndinapita kwa amayi n'kuwanong'oneza, koma za botolo sindinatchule.

Amayi anasiya lichero. "Chikasu chimenecho. Ndi chomwe chinatenga amalume ako. Kagone."

"Amayi, musauze anthu."

"Ndiuze ndani ine?"

Pofika masana m'nyumba mwanga munali amayi asanu ndi awiri a mumphakati, makorona m'manja. Wina anabweretsa phala, wina nthochi. Amayi apampando, amene samva bwino ndipo amaganiza kuti tonse sitimva, anafunsa kuchokera pakhomo, "Ndiye akuti madziwo akutuluka otani?" Amuna anga anali pakhonde atagwira tsaya, atabwereka kale njinga yoti tipitire kuchipatala m'mawa mwake.

Kunena zoona, ndinkakayikira kuti ndi mapilitsi aja. Koma ndinayeza zinthu ziwiri, kuulula kapena kupemphereredwa ngati wodwala kwakayakaya, ndipo ndinasankha kugona chagada n'kutseka maso.

Kenako analowa alamu, Pemphero ali kumbuyo, osalala monga mwa masiku onse. Ananditungira madzi, anatsuka mbale zanga, anamunyamula Tadala. (Munthu wabwino amatopetsa ukamamuchitira nsanje. Umasowa pomugwira.) Atatero anatenga tsache kuti asese, poti m'nyumba munali alendo. Anasesa pansi, kenako anakweza tsache kuti achotse akangaude kudenga, pamwamba penipeni pa mphasa yanga.

Ndinkafuna kukuwa, koma wodwala chikasu sakuwa.

Timapepala tinagwa ngati masamba a m'chilimwe, tina pachifuwa panga, tina m'phala. Botolo linatera pansi, linagubuduka pang'onopang'ono, n'kukaima pamapazi a amayi apampando. Korona inathera pomwepo.

Alamu anatola kapepala kamodzi. "Alamu, awa si mankhwala a magazi aja? Onsewa simunamwe?"

Sindikudziwa kumene mawu anachokera, ine amene sindiyankhula pagulu. Ndinadzuka n'kunena kuti, "Inu mumamwa a m'botolo, n'kumasalala, anthu n'kumakuyamikirani panjira. Ine ndizimwa a m'kapepala?"

Alamu anandiyang'ana, n'kutuluka. Ndinati basi, ubale watha. Koma anabwerera ndi botolo la malalanje lija, analitsekula, n'kukhuthulira m'dzanja langa. Timapilitsi tofiira. Tomwe tija, ta kusikelo.

"Botololi ndinatola kwa achemwali anga lili lopanda kanthu," anatero motsitsa mawu. "Timapepalati timang'ambika, mankhwala n'kunyowa. Bwanji simunandifunse?"

Amayi apampando anali atanyamula botolo langa, akuliyang'ana chozondotsa. "Ndiye tipitirize kupemphera, kapena?"

"Pitirizani," anatero amayi anga. "Mupempherere mutu wakewo."

M'mawa mwake tinapitabe kuchipatala. Anamwino anandiyang'ana m'maso ndi m'manja, ananditenga magazi pachala, anawerenga botolo langa. Chikasu ndinalibe. Anati mtundu wowalawo ndi mavitamini amene thupi lakana, likutaya.

"Ndiye kuti zonse munagulazo mwakhala mukukathira kuchimbudzi," anatero. "Koma magazi anu ndi ochepa, n'chifukwa chake mukuchita chizungulire. Mankhwala a vuto limeneli ndi omwe munatsomeka kudengawo. Akamakuchititsani nseru, muzimwa mutadya. Awa a pamsewu musiye. Atatu patsiku, mukuyamwitsa, mukanadzipweteka. Pakhomo mumadya chiyani? Mazira mumapeza?"

Amuna anga anayankha mwaulemu, "Nkhuku zathu zinasiya kuikira ndi chisanu."

Anamwino anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumapazi, ndipo zonse zinatuluka, za mazira, za mpiru, za Chimbiya.

"Ndimve bwino, mayi. Munagulitsa mazira ndi masamba, mmene muli mavitamini, kuti mukagule mavitamini?"

"Eya."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kenako anandiuza bwinobwino kuti mapilitsi amathandiza munthu amene wapimidwa n'kupezeka kuti china chikuperewera m'thupi, monga mmene zinalili ndi magazi anga, kapena mayi woyembekezera. Koma munthu wabwino, wodya zakasinthasintha, botolo silimuwonjezera kanthu kwenikweni.

Pobwerera tinatsika njinga pachitunda, amuna anga akukankha, ine pambuyo ndi Tadala.

"Amake Tadala, zonsezi chifukwa chiyani?"

"Munati alamu akusalala."

"Ine? Liti?"

"Lamulungu lija, tikuchokera ku Misa. Pafupi ndi munda wa nandolo."

Anaima, anaganiza, anakanda m'mutu. Sankakumbukira n'komwe. Mwezi wathunthu ndagona ndi njala chifukwa cha mawu amene mwiniwake anawataya panjira ngati khoko la nzimbe. Pa zonse zimene zinandichitikira, ichi ndiye chinandiwawa kwambiri.

Pambuyo pake alamu anandiuza zina zimene botolo silinanene. Dzira amadya okha, osadikira alendo. Nkhuni amawatengera ndi achimwene anga panjinga. Ndinaonetsetsa kuti mfundo yachiwiriyi ainene amuna anga ali pomwepo, ndipo kuyambira sabata imeneyo nawonso anaidziwa njira ya kunkhuni.

Ndinayamba kumwa timapilitsi tofiira tija monga anandiuzira, mazira n'kubwerera m'mbale. Pofika nthawi ya mvula nyenyezi za masana zinatha, masaya anayamba kubwerera. Lamulungu lina, panjira yomwe ija, amuna anga anakhosomola n'kunena kuti, "Amake Tadala, mwasalalatu."

"Kuposa alamu?"

Anayang'ana kumunda wa eni ake. "Chimanga chamera bwino chaka chino." Munthuyu anaphunzirapo kanthu.

Ine kaya. Botolo la dzuwa lija sindinataye. Ndinalitsuka, ndinathiramo timapilitsi ta kusikelo (timapepala timang'ambikadi), n'kuliika pawindo. Dzana kunabwera mtsikana wina wa kuseri kwathu, wa mwana wakhanda, kudzabwereka sefa. Ndinamuona akuliyang'ana botololo nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana masaya anga. Sanafunse kanthu. Ndikudziwa bwino chimene chikuyenda m'mutu mwake, ndipo ndimuuza ndithu asanayambe kugulitsa mazira. Koma ndi koyamba chibadwire munthu kundiyang'ana choncho, ndiye ndimuuza akabweza sefayo.