Pikapu Imafuna Katundu Kumbuyo

Lolemba

Mbatatesi zagulidwa zonse! Lole yanyamuka nazo m'mawa uno, ine ndatsala ndi fumbi m'mphuno ndi chimwemwe chosaneneka. Sabata ino ndikugula galimoto. Ndilembenso kuti ndikhulupirire: ndikugula galimoto!

Chifukwa chake ndichilembe pano, poti anthu ayamba kale kunena kuti ndi matama. Apongozi anga, amayi awo a amake Tadala, ali ndi shuga, ndipo mwendo umodzi ndi wotupa. Mwezi ndi mwezi ayenera kukaonekera kuchipatala ku Nzama. Dzinja lathali tinawanyamula pa ngolo, ngolo n'kutitimira pamtsinje wa patsinde pa chitunda, mvula ili pamutu. Iwo akunjenjemera, azimayi akulimbana nawo, ine nditaima patali manja lende. Kuno ndine mkamwini, ndipo mkamwini sayandikira apongozi, nanji kuwagwira. Chikwatirireni sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira mmodzi amalowa m'chimanga, ndipo kawirikawiri ndimakhala ine. Za tsiku la ngololo zimandiwawa mpaka lero. Chaka chino mvula isatipeze tilibe galimoto.

Zogulitsa zilipo ziwiri:

Pikapu ya Che Mussa, a golosale ku Kandeu. Yakale, ya dizilo, mpando umodzi wokha kutsogolo.

Folobayifolo ya a Nyoni, opuma ntchito m'boma. Yaitali, yakuda, yotseka ponseponse, magalasi osaonetsa zam'kati. Ya mabwana!

Onse avomera kuti ndiyese kaye.

Zomwe ndikufuna: izilira m'mawa ngakhale kuzizire chotani, izikwera chitunda chathu, ndipo ikafa izidzuka m'manja mwa makanika wa pansi pa mtengo. Basi. Kukongola sindikufuna. (Koma yakuda ija, abale!)

Laisensi yanga ndaitulutsa m'sutikesi. Pansi pake ndapezanso ya amake Tadala, ija tinakatengera limodzi, iwo n'kukhoza ulendo woyamba, ine... tisakumbutsane. Yawoyo ndaibwezera pansi pa zitenje.

Lachiwiri

Folobayifolo! Ilibe n'kiyi yemwe, umangodina kabatani. Mphepo yozizira ikutuluka m'timabowo. Mpando ukuyenda wokha, ndautumiza kutsogolo, ndaubweza, ndautumizanso, mpaka a Nyoni atsokomola. Mimba yanga yalowa bwinobwino osagunda chiwongolero. Galimoto yolemekeza anthu onenepa!

Mtsinje sitinawoloke, a Nyoni akuti tizungulire ku mlatho wa kumtunda kuti ndione mmene imathamangira. Chitunda chathu yakwera osadziwa n'komwe kuti ndi chitunda. Anthu a pachigayo akuvula zipewa, akuyesa ndi aphungu. Ndawakwezera dzanja pang'ono chabe, monga amachitira aphunguwo.

Kanyali kachikasu kayaka kutsogolo kwa chiwongolero. A Nyoni akuti: "Kameneko kamangoyaka, musakalabadire." Sindikukalabadira.

Madzulo. Amake Tadala akhala pampando wakumbuyo, pomwe pazidzakhala amayi awo, kuti tiyesere. Ndikuponya maso pa kagalasi ka pamwamba, ndikupeza maso awo ali tong'o mwa anga. Akufunsa ngati ndikufuna kuyang'anizana ndi amayi chomwecho kuchokera pakhomo mpaka ku Nzama. Thukuta kamukamu, mphepo yozizira ili pomwepo.

Nkhani yaying'ono! Kagalasiko ndakakulunga ndi mpango. Ndabwerera m'mbuyo mwa chikhulupiriro.

Khola la mbuzi lilibenso chitseko. Mbuzi zili m'dimba la a malume. Koma galimoto ilibe bala ngakhale limodzi, yolimba zedi!

Lachitatu

Ku Kandeu. Che Mussa akuisisita pikapu pabonethi ngati akugulitsa ng'ombe. "Achimwene, iyi siifa. Imangokomoka."

Zomwe ilibe: wailesi, chotsegulira chitseko cha kumanzere (pali waya), utoto wa mtundu umodzi. Zomwe ili nazo: injini. Ndangopotokola kiyi, yadzuka, nkhuku zonse za pamsika zabalalika! Zitsulo zake akuti zimapezeka paliponse, ngakhale wokonza njinga amazidziwa maina.

Tabwera nayo kumudzi, Che Mussa ali pambali panga. Msewu ndikuumva m'mano. Tapitirira nayo panjira ya ku Nzama. Mtsinje yawoloka osafunsa kuti madzi ndi a ndani. Koma poyamba chitunda, matayala akumbuyo ali onyowa, yayamba kuvina ngoma chammbali. Mtima wanga m'mwamba! Che Mussa sanadzidzimuke n'komwe. Akuti kumbuyoko ndi kopepuka: "Pikapu imafuna katundu kumbuyo. Mukaika cholemera pamwamba pa matayala, ikwera ngakhale khoma." Takweza azimayi ochokera kunkhuni, iwo ndi mitolo yawo. Yakwera! Ndaimba hutala mpaka pamwamba.

Ndayamba kuikonda. Ili ndi khalidwe la munthu wosauka, siidandaula.

Za kakhalidwe ndakonza kale: ine pachiwongolero, amake Tadala pakati, apongozi kuwindo. Mkazi wanga akhale mpanda. Nzeru!

Amake Tadala akundikumbutsa kuti mwendo wa amayi supindika, uyenera kutambasulidwa pampando, ndiye munthu wapakatiyo alibe malo. Apita kukauyeza ndi bango, abwera nalo, taligoneka pampando. Bangolo likuthera pagiya penipeni. Ndiye kuti posintha giya paliponse ndizigwira phazi la apongozi. Ndipo msewu wathu ndi wa magiya okhaokha.

Ndakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kaye. Mutu ukuzungulira.

Lachinayi

Tifunse eni ake. Ine ndaima kuseri kwa nkhokwe, apongozi ali pamkeka pakhonde lawo, amake Tadala akuyenda pakati kunyamula mawu. Yankho labwera: akuthokoza kwambiri, mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Koma galimoto yotseka ndi chipinda, ndipo iwo sanayambe akhalapo m'chipinda chimodzi ndi mkamwini. Za phazi pagiya amake Tadala akana kukazinena n'komwe.

Chipinda? Chabwino, tichigawe pawiri! Ndamanga chingwe m'folobayifolo, ndapachika chitenje pakati pa mipando yakutsogolo ndi yakumbuyo. Zipinda ziwiri, khomo lililonse palokha. Ndikudzitama ndekha.

A malume, alongo awo a apongozi, avomera kukhala odwala oyeserera. Za mbuzi akuti tikambirana bwino. Atambasula mwendo kuseri kwa chitenje, akubuula ngati zenizeni, apemphanso kuti ndiwonjezere mphepo.

Lero ndadzera njira yeniyeni ya ku Nzama, ya pamtsinje. Madzi ake ofika m'kakolo basi. Tili pakati, kanyali kachikasu kaja kaitana abale ake: tofiira, tobiriwira, tina tophethira. Injini zii. Zitseko zonse zadzikhoma zokha, mawindo akukana kutsika. A malume asiya kubuula kongoyeserera, ayamba kwenikweni.

Tatulukira kubuti, chokwawa. Iwo bwinobwino, ine mimba yandichedwetsa.

Ndikuganiza: akanakhala apongozi? Kukhomeredwa limodzi pakati pa mtsinje, kenako kukwawa motsogozana? Ndikanasamuka m'boma lino.

Makanika wabwera panjinga, watsegula bonethi, waona chivindikiro cha pulasitiki, watsekanso mwaulemu. Akuti matenda ake amafuna kompyuta ya ku Lilongwe. A Nyoni pafoni: "Simunaidutsitse m'madzi, eti?" Folobayifolo yoopa madzi! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yotikoka ndi pikapu ya Che Mussa. Okhala kumbuyo kuti ilemere ndi anthu a pachigayo omwe aja anandivulira zipewa. Lero zipewa zili kumutu, mano ali panja.

Che Mussa andisiyira kiyi. Akuti ndikhale nayo mpaka Lamulungu, mtima ukhazikike.

Lachisanu

Zatha, ndi pikapu! Yakuda ija sindikuikumbukiranso. Pang'ono pokha.

Chatsala n'choti apongozi akhale pati. Nzeru yatsopano: kumbuyo! Ndayala matiresi athu, pilo, ndakhoma timitengo m'mbali, ndakungapo tenti ya mbatatesi. Mwendo utambasuke mmene ufunira. Ndagonamo ndekha kuyesera, ndi mofewa kuposa kunyumba.

Nkhani yafika kumjigo ndisanamalize kumanga chingwe. Akuti mkamwini uja mbatatesi zamuthera, tsopano akufuna kunyamula apongozi ngati thumba. Amake Tadala abwera ndowa ili kumutu, ayang'ana tenti, ayang'ana ine. "Amayi anga kumbuyo, inu kutsogolo?" Tenti ndatsitsa ndekha.

A malume akuti m'midzi ina kupewana kumeneku kumatha ndi nkhuku: mkamwini apereka, apongozi alandira, basi muyamba kupatsana moni. Bwanji osanena kale! Ndagwira tambala wanga wofiira, wamkulu uja, ndatumiza.

Yankho: tambala ndi wabwino kwambiri, Mulungu adalitse. Ulemu ukhale mmene unalili.

Fungo lake likundipeza kuno.

Ndimati ndifunse nzeru kwa Che Mussa, foni ndi yotseka, ali kumzikiti. Kumapiri mitambo yada bii. Njira zomwe zatsala:

kulemba dalaivala woti aziyendetsa galimoto yanga, ine ndizitsatira panjinga;

ngolo;

kulira.

Amake Tadala akufunsa kuti kiyi wa sutikesi ali kuti. Ndachita ngati ndikumvera wailesi.

Loweruka

Mvula! Yoyamba, yamphamvu, kuyambira mbandakucha. Anthu akusangalala, akutulutsa mbewu. Kwathu kulibe wosangalala. Apongozi thupi latentha, mwendo watupa kuposa kale, phala akulikana. Tsiku lawo la kuchipatala silinakwane, koma sizodikira. Ndikuchita mantha, ndisaname.

Ndaima pafupi ndi pikapu, kiyi m'manja, m'mutu mulibe kanthu. Amake Tadala atuluka atamanga chitenje m'chiuno, laisensi ili m'dzanja. Atambasula dzanja linalo. "Kiyi, abambo a Tadala."

Ndapereka.

Azimayi akunyamula apongozi kuwalowetsa kutsogolo, ine ndikuyang'ana nkhokwe. Mwendo watambasuka pampando, phazi lafika pagiya, ndipo palibe mlandu: wogwira ndi mwana wawo. Ine ndakwera kumbuyo, pamatiresi onyowa, msana kugalasi.

Amake Tadala akuyendetsa ngati anabadwira m'menemo! Giya osalira n'komwe. Kwa ine Lachitatu amalira ngati nkhumba.

Mtsinje wadzaza, wofiira, ndipo mlatho uja uli kutali, nthawi palibe. Pamalo omwe paja panatitimira ngolo. Ndatseka maso. Madzi akuwomba m'mbali, injini ikungong'ung'udza, tatuluka tsidya lina!

Chitunda. Walira mvula walira matope. Matayala akuzungulira pamodzimodzi, pikapu yayamba ngoma yake ija, ikubwerera chammbali kulunjika kumtsinje. Amake Tadala atulutsa mutu pawindo: "Sendererani pamatayala, inu!" Ndakwawa, ndakoka matiresi ndi tayala la sipeya, ndakhala pamwamba pake ndi thupi langa lonse. Ndikudumphadumpha chokhala. Matope kumaso, m'makutu, m'kamwa. Yagwira! Yagwiranso! Ikukwera!

Mimba imene anthu akhala akuiseka m'mudzi muno, lero yakweza apongozi chitunda. Ndikufuula ndekha kumbuyoko ngati tagoletsa chigoli.

Ku Nzama awalandira msanga, awagoneka. Anamwino akuti tachita bwino kusachedwa. Mlonda wa pageti akufunsa amake Tadala ngati wantchito wawoyu angafune madzi osamba.

Lamulungu

Ndagona m'pikapu, pachiwongolero. Ndiye kuti mpando wa dalaivala ndaukhala ndithu, kungoti galimoto inali itaima.

Apongozi thupi lazizira, adya phala, afunsanso ngati nkhuku zawo zatsegulidwa. Madzulo ano awatulutsa, mankhwala ali m'manja. Pa Misa ndathokoza Mulungu ndi mtima wonse, nditakhala benchi lakumbuyo chifukwa cha matope.

Che Mussa ndawaimbira: ndatenga. A Nyoni akudikirabe kompyuta. A malume akudikira chitseko cha khola ndi nkhani ya dimba. Tambala anapita.

Zomwe ndinkafuna Lolemba zonse zilipo. Imalira m'mawa. Imawoloka. Imakwera. Apongozi sadzanyowanso pa ngolo. Chimodzi chokha sindinachilembe, poti ndimayesa n'chodziwikiratu: kuti woyendetsa ndidzakhala ine.

Tisananyamuke, mvula ikuwaza, amake Tadala abwera kumbuyo ndi chijasi chakuda. Ndachizindikira, ndi cha malemu apongozi aamuna, chija chimakhala m'bokosi osachikhudza munthu. Dzulo m'chipwirikiti chonse chija anawafunditsa nacho odwala. "Amayi akuti katundu wawo asanyowe."

Ndavala. Mabatani sakukumana pamimba, koma n'chofunda.

Potsika chitunda ndamva kugogoda pagalasi kuseri kwa msana wanga. Sindinacheuke, sizololedwa. Kenako kuwomba m'manja, pang'onopang'ono, ndi mawu a apongozi akunditchula chiwongo changa, osadzera mwa munthu. Chikwatirireni ndi koyamba. Ndawomba m'manja nanenso, ndikuyang'ana msewu womwe tachokera. Maso anyowa, tinene kuti ndi mvula.

Pachigayo anthu avulanso zipewa. Akuvulira amake Tadala.

Mwezi wamawa ku Nzama, malo anga ndikuwadziwa: pamwamba pa matayala, chakumanzere pang'ono. Amake Tadala akuti ndisayerekeze kuonda. Laisensi yanga ndaibwezera m'sutikesi, pansi pa zitenje.